Ndikulipira kuti mwana azikasewera ndi mchenga?

Azakhali_a_Soche
Moni nonse. Ndabwera ndi dandaulo, chonde musandiseke. Ndikulera mwana wa malemu achimwene anga, mnyamata wa zaka 7. Bambo ake anapita ndi matope a namondwe wa Freddy ku Chilobwe mu Malichi 2023. Iye anapulumuka ndi mayi ake, koma mayiwo anabwerera kumudzi ndipo zinthu sizikuwayendera, n'chifukwa chake mwana ali kwa ine. Mvula ikangoyamba kugunda malata amakalowa kunsi kwa bedi, usiku amakodzera pogona, kusukulu waluma kale anzake moti aphunzitsi atopa n'kundiitana. Mnzanga wakutchalitchi anandilozera kwa mayi wina wopereka uphungu kwa ana. Ine ndinkati akamukhazika pansi, akamufunsa chomwe chikumuvuta, kenako akamulangiza. Ayi ndithu. M'chipindamo muli beseni la mchenga, tizidole, timagalimoto, makrayoni ndi mapepala. Mwana amasewera mphindi 45, mayiwo ali khale pamkeka kumuyang'ana, apo ndi apo kuponyapo mawu awiri. Akuti ndi play therapy, uphungu wodzera m'masewera. Ya minibasi ndikulipira, ya mayiwo ndikulipira, pomwe mchenga ndili nawo mulu kuseri kwa nyumba. Alipo amene anaona zimenezi zikuthandiza, kapena ndikudyeredwa masuku pamutu?

Bawo_Master
Azakhali, bwerani nayeni kwathu ku Bangwe. Ana anga amagubuduka m'dothi kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndipo sindilipiritsa.

Nachisale77
Achimwene, nkhani ya mwana wamasiye si ya nthabwala. Azakhali pepani kwambiri, mwachita bwino kumutenga mwanayo.

Bawo_Master
Ndamva achemwali. Koma funso lawo ndi lomveka, nanenso ndikufuna yankho.

MphunzitsiStd2
Ine ndimaphunzitsa ku Phalombe. Sukulu zitatsegulidwanso pambuyo pa Freddy tinali ndi ana ambiri otere. Ena kumwamba kukangoda ankathawa m'kalasi, ena anangosiya kulankhula. Chimene ndinaona n'chakuti pa nthawi yopuma ankamanga tinyumba tadothi kenako n'kutithira madzi mpaka titagwa, tsiku ndi tsiku. Ukamufunsa mwana kuti ukuganiza chiyani amangokuyang'ana. Koma patinyumba paja ankalankhula okha: "thawani, madzi akubwera", "amayi atsala". Choncho zoti mwana amafotokoza zakukhosi posewera ine sindikayika. Zoti kulipira kuli koyenera, ayankhe odziwa.

Mlangizi_wa_Ana
Azakhali, mayi mukunenawo sindikuwadziwa, choncho sindingawaikire kumbuyo. Ndingofotokoza zimene ntchitoyi imayenera kukhala, inu muyerekeze ndi zomwe mukuona.

Mwana wa zaka 7 mukamufunsa kuti chavuta n'chiyani amati palibe. Sikuti akubisa ayi, mawu ake sanakwane kunyamula zimene anaona usiku uja. Munthu wamkulu amakhala pasiwa n'kufotokoza mmene maliro anayendera kambirimbiri mpaka mtima utayamba kutsika. Mwana amachita zomwezo ndi manja. N'chifukwa chake njirayi imagwiritsidwa ntchito makamaka kwa ana a zaka zapakati pa 3 ndi 12.

Kusiyana kwa mchenga wakuseri kwa nyumba ndi wa m'chipinda muja ndi munthu amene wakhala pambaliyo. Sali chete mwaulesi. Akutsatira zimene mwana akuchita n'kumazibweza kwa iye m'mawu: "Wakwirira galimoto yonse, sikuonekanso." "Kachidole aka katsala kokha, kakuoneka kuti kali ndi mantha." Samufunsa chifukwa, samuuza kuti sewera chakuti, samuyamikira kapena kumudzudzula. Pang'onopang'ono mwana amamva kuti chinthu choopsa chija chili ndi dzina, ndipo wamkulu wachiona koma sanathawe, sanalire, sanakalipe. Malire aliponso. Akafuna kuponya mchenga m'maso mwa mlangizi amauzidwa kuti: "Ndaona wakwiya kwambiri. Ine si woponyedwa mchenga. Ukhoza kumenya pilo uyo." Mkwiyo waloledwa, kuvulaza munthu kwaletsedwa, ndipo wapatsidwa kwina kokautulira. Kwa mwana amene akuluma anzake phunziro limenelo ndiye lofunika.

Si zinthu zadzulo. Beseni la mchenga ndi tizidole anayambitsa dokotala wa ana Margaret Lowenfeld ku London mu 1929, ndipo njira yolola mwana kutsogolera yekha anaiyala bwino Virginia Axline wa ku America mu 1947. Kawirikawiri zimatenga miyezi ingapo, kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo ndi ola lomwelo. Musadabwenso ngati pakatikati mwana ayamba kuvuta kuposa kale, zimachitika akayamba kukhudza pomwe pali bala.

Chimene sindinamve m'nkhani yanu n'chakuti mayiwo amakhala pansi ndi inuyo. Ayenera kutero nthawi ndi nthawi, popanda mwana. Afunseni kumene anaphunzira ntchitoyi, amene amawayang'anira, chimene akuyembekeza kuti chisinthe ndi nthawi imene mudzaunikire limodzi ngati zikuyenda. Wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso amenewa.

Azakhali_a_Soche
Zikomo alangizi. Za kukwirira mwanenazo zandigwira mtima, chifukwa kunyumbanso amatero. Amakumba kadzenje, kuikamo chidole, kukwirira, kuimba nyimbo yamaliro, kenako kufukula n'kuyambiranso. Mayi anga akamuona amamukalipira kuti akulaula, akufuna kuitana maliro ena pakhomo. Tsiku lina anamulanda chidolecho n'kuchiponya m'chimbudzi.

Wakale_Sataya
Agogowo sakulakwa kwenikweni. Ife tinakula tikudziwa kuti mwana sasewera maliro, ndi malodza. Masanje tinkachita, kuphika m'tizitini, wina bambo wina mayi wina fisi, koma za manda ayi. Azungu asatiphunzitse kulera ana ngati kuti makolo athu analibe nzeru.

Nachisale77
A Wakale, ku masanje komweko ife maliro tinkachita. Chiwala chikafa tinkachikulunga m'tsamba, wina kukhala abusa, ena kulira mokuwa. Tinkangoonetsetsa kuti akuluakulu asatione. Inu mwina munali mwana womvera kwambiri.

Wakale_Sataya
Ndinali womvera, n'chifukwa chake ndakalamba bwino.

Mlangizi_wa_Ana
Agogo ataya mwana wawo wamwamuna, ndiye kuona mdzukulu akukwirira chidole pakhomo n'kowawa, tisawaweruze. Koma kumulanda chidole sikuchotsa maliro m'mutu mwa mwana, kumangomuphunzitsa kuti nkhaniyi sitchulidwa pakhomo pano.

Pali chinthu china choti muziyang'anira azakhali. Mu 1976 ku Chowchilla, m'chigawo cha California, ana 26 anabedwa pamodzi ndi dalaivala wa basi yawo yasukulu n'kutsekeredwa m'chigalimoto chokwiriridwa pansi. Onse anatuluka amoyo. Dokotala wa zamaganizo Lenore Terr anawatsatira kwa zaka, ndipo anaona kuti ena ankabwereza sewero limodzimodzi la zimene zinawachitikira, mopanda chisangalalo, ndipo akamaliza mantha sankachepa. Ndiye sikuti sewero lililonse limachiritsa lokha. Sewero limene likuyenda limasintha: lero chidole chakwiriridwa, sabata ina pabwera wochifukula, kenako pabwera ambulansi, kenako nyumba yamangidwa pamtunda. Limene laima pamodzi, mwana nkhope ili gwa, akamaliza n'kukhala wosokonezeka kuposa poyamba, limafuna munthu wophunzira kuti alowererepo. Zimene mukuona kunyumbazo kawauzeni mayi aja.

Namwino_Usiku
Ndiloleni ndilowe ndi za thupi. Kukodzera pogona si maganizo okha. Mwana amene anasiya kale n'kuyambiranso ayenera kupimidwa mkodzo. Pakhoza kukhala matenda a m'chikhodzodzo, likodzo ngati amasamba m'mitsinje kapena m'madambo, kudzimbidwa, ngakhale shuga makamaka ngati akumwa madzi kwambiri ndi kuonda. Kupima n'kosavuta. Zikapezeka kuti zili bwino, pitirizani ndi za uphunguzo mtima uli m'malo. Ndipo chonde asamamenyedwe kapena kuyanikiridwa mphasa pagulu kuti achite manyazi, zimangowonjezera.

Mtumiki_Eliya
Abale, zina si za zidole. Mwana ameneyu akufunika mapemphero amphamvu, mzimu wa mantha uchoke. Mubwere naye ku mapemphero a usiku.

MayiMvano_LL
A Mtumiki, ine ndine wa mapemphero ngati inu, koma mwana woopa phokoso mukamuike pakati pa anthu akukuwa usiku wonse atamugwira mutu? Azakhali azipemphera naye pogona, mwakachetechete, ndipo kwa alangizi azipitabe. Malungo timapemphera komanso LA timamwa.

Mtumiki_Eliya
Sindinati asiye. Ndati asaiwale Mulungu.

Wa_ku_Leeds
Kuno ku Leeds, ku Britain, ndimagwira ntchito yothandizira aphunzitsi pasukulu yapulayimale. Kumabwera mayi wa play therapy kamodzi pa sabata, ali ndi kachipinda kake, ndipo ola la mwana silisunthidwa ngakhale kukhale mayeso. Poyamba ndinkaona ngati mwana wovuta akulandira mphotho yokasewera pomwe anzake akulemba masamu. Koma pali kamtsikana kena kamene kankagwetsa matebulo, patapita miyezi kanayamba kunena kuti "ndakwiya, ndikufuna kutuluka" m'malo mogwetsa. Sikanasanduke mngelo, koma m'kalasi munayamba kuphunzitsika. Kunoko ntchitoyi ili ndi mabungwe ake, lina ndi British Association of Play Therapists la mu 1992, ndipo munthu amachita maphunziro apamwamba pambuyo pa digiri asanaloledwe kukhala membala wake. Kumudziko aliyense akhoza kugula zidole mu Limbe n'kupachika chikwangwani, ndiye mafunso anena alangizi aja afunsenidi.

Bawo_Master
Vuto ana amasiku ano sasewera n'komwe. Foni m'manja kuyambira ali kumsana. Ife galimoto yamawaya tinkapanga tokha, matayala a zitsekerero, chiwongolero chachitali mpaka pachifuwa. Mwana wanga wamkulu sadziwa ngakhale kukulunga mpira wamapepala.

Nachisale77
Phada, jingo, fulaye! Fulaye ndinali katswiri ine, botolo ndinkadzaza mchenga mpira usanandikhudze.

Kamnyamata_ka_Ndirande
Inu akuluakulu mumakonda kunena kuti ana sasewera. Bwerani ku Ndirande madzulo muone ngati mungadutse ndi galimoto. Ana a m'mipanda ya ku Namiwawa ndi amene ali pa foni.

Bawo_Master
Ndiye ubwere Loweruka ndidzakuphunzitse bawo, uone ngati ungatakate.

Admin_Gulu
Abale, za bawo mutsegule ulusi wina. Tibwerere kwa mwana wa azakhali.

Wa_Kafukufuku
Ine ndikhala wotsutsa pang'ono, osati ngati a Bawo koma pa umboni. Mu 2005 Sue Bratton ndi anzake ku University of North Texas anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 93 wa play therapy ndipo anapeza kuti imathandiza ndithu, makamaka pamene makolo aphunzitsidwa kutenga nawo mbali. Koma kafukufuku wambiri mwa ameneyo anali wa ana ochepa, ndipo nthawi zambiri ankayerekeza ndi ana amene sanalandire chithandizo chilichonse. Kupambana munthu amene sanathamange n'kosavuta.

Kwa mwana amene anaona zoopsa zenizeni, njira yokhala ndi umboni wolimba kwambiri ndi imene amaitcha TF-CBT, uphungu wolunjika pa zoopsa zimene mwana anaonazo. Mmenemo mlangizi sangotsatira mwana. Amamuphunzitsa kupuma ndi kudzikhazika mtima pansi, kutchula zimene akumva, kenako pang'onopang'ono amamuthandiza kufotokoza nkhani yonse ya tsiku lija, mwa kujambula kapena kulemba kabuku kake, ndipo womulera amakhala nawo m'ndondomeko yonse. Ku Britain malangizo a boma a zaumoyo amaika njira imeneyi patsogolo kwa ana otere. Choncho azakhali, pakapita miyezi mwana akulowabe kunsi kwa bedi chimodzimodzi, musaope kufunsa za njira ina.

ChipataBoy
Zimenezo zinayesedwa kwathu kuno ku Zambia. Ku Lusaka anachita kafukufuku ndi ana 257 a zaka 5 mpaka 18, ambiri amasiye kapena okhudzidwa ndi HIV, zotsatira zinatuluka mu 2015. Chosangalatsa n'chakuti opereka uphunguwo sanali madokotala, anali anthu wamba ophunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa bwino, ndipo ana amene analandira TF-CBT anachira kwambiri kuposa anzawo. Ndiye tisamati izi n'za azungu zokha, ana a m'makomboni a Lusaka sasiyana ndi a ku Chilobwe.

Mlangizi_wa_Ana
A Kafukufuku sindikutsutsani. Ndingowonjeza kuti njira ziwirizi si adani. Ndi mwana wamng'ono, ngakhale wa TF-CBT amagwiritsa ntchito zidole ndi makrayoni, apo ayi mwana sakhala pansi. Ndipo pali ana amene sungayambe nawo nkhani ya tsiku loopsa asanakukhulupirire. Mnyamata uyu sanangoona matope. Wataya bambo, wasiyana ndi mayi, wasintha nyumba ndi sukulu. Mwina kuluma kuja kukuchokera kwa mayi amene ali moyo koma sakuwaona, osati kwa mvula. M'beseni la mchenga zoterezi zimaonekera msanga kuposa pa mafunso.

Azakhali_a_Soche
Za mayi akezo n'zoona. Akaimba foni iye amakana kulankhula nawo, koma usiku umenewo ndiye amakodza kwambiri.

MayiMvano_LL
Musamukakamize kulankhula, koma mayiwo asasiye kuimba. Azingomuuza kuti ndakusowa, nkhuku yako ija yaswa anapiye, basi. Akumva ameneyo.

Wa_Sosho_Mulanje
Freddy anachotsa anthu oposa theka la miliyoni m'nyumba zawo, ndiye tiyeni tinene zoona: ana ambiri okhudzidwa sadzaona chipinda cha zidole ndi mlangizi wawowawo. Chimene tili nacho m'madera ndi ma Children's Corner, kumene ana a zaka 6 mpaka 18 amakumana akaweruka kusukulu, ndi sukulu zamkombaphala za ang'onoang'ono. Kumeneko kuli masewera, nyimbo, zisudzo ndi anthu odzipereka amene ena anaphunzitsidwa kuzindikira mwana wovutika. Funsani ku ofesi ya Social Welfare ya boma lanu kuti yapafupi ili kuti.

Njira ina imene ndimaikonda ndi ya Mtengo wa Moyo, imene anakonza Ncazelo Ncube wa ku Zimbabwe mogwirizana ndi David Denborough wa ku Australia, poganizira ana amasiye a kuno kummwera kwa Africa. Mwana amajambula mtengo. Mizu ndi kumene achokera, thunthu ndi zimene amatha kuchita, nthambi ndi zimene akufuna m'tsogolo, masamba ndi anthu ofunika kwa iye, amoyo ndi omwalira omwe, zipatso ndi mphatso zimene anthu anamupatsa. Bambo omwalira amakhala ndi tsamba lawo pamtengopo, palibe amene amati afufutidwe. Kenako mitengo ya ana onse imapachikidwa pamodzi kukhala nkhalango, ndipo pamenepo mpamene amayamba kukamba za mavuto amene amagwera nkhalango. Imayenda bwino ndi ana okulirapo amene atha kulemba. Si yolowa m'malo mwa uphungu wa mwana payekha, koma mwana amaona kuti si iye yekha.

Mayi_wa_Atatu
Pepani ndilowetse yanga. Mwana wa mnansi wanga, mtsikana wa zaka 5, akamasewera ndi ana anga amagoneka zidole n'kumachita nazo zinthu za akuluakulu, zinthu zoti mwana sangazidziwe. Wayambanso kuopa amalume ena a pakhomo pawo. Ndimufunse?

Wa_Sosho_Mulanje
Mayi, musamufunse mafunso ambirimbiri ndipo musamutchulire dzina la munthu, mukhoza kumusokoneza komanso kuononga umboni. Sewero lokha si umboni wakuti wachitidwa chipongwe, ana ena amatengera zimene anaona pa foni kapena m'chipinda chogona ndi makolo. Koma pamodzi ndi mantha mwanenawo, si zoti mukhale nazo chete. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana imene amayendetsa a YONECO, akuuzani chochita. Kuzipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central kuli Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a Social Welfare amapezeka pamalo amodzi. Kupolisi kulinso Victim Support Unit. Mwanayo akayamba yekha kukuuzani, mvetserani, muuzeni kuti sanalakwe, ndipo musalonjeze kuti mubisa.

Mayi_wa_Atatu
Ndikuopa kudana ndi anansi, koma ndiimba.

Nachisale77
Imbani lero amayi. Udani umatha.

Bambo_Joni
Funso langa ndi la ndalama. Ine ndili ku Johannesburg, ana ali ndi mayi awo ku Mangochi, wachiwiri wasanduka wolusa chichokereni ine. Alangizi a zidole ku Mangochi tikawapeza kuti? Palibe chimene mayi ake angachite okha?

Mlangizi_wa_Ana
Chilipo bambo. Cha m'ma 1960 Bernard ndi Louise Guerney anayamba kuphunzitsa makolo kuti azichita okha nthawi ya sewero yoteroyi kunyumba, ndipo pambuyo pake Garry Landreth anaifupikitsa kukhala maphunziro a misonkhano 10. Kuphunzitsidwa ndi munthu n'kwabwino koposa, koma mutu wake ndi uwu. Mphindi 30 pa sabata, tsiku lodziwika, mwana mmodzi yekha ndi kholo, foni itazimitsidwa. Pakhale katoni ya zinthu zimene zimatuluka nthawi yokhayo: zidole zansanza kapena zadongo zoimira banja, tizitini, galimoto yamawaya, makala kapena makrayoni, kansalu, chingwe. Zogula sizofunika. Mwana ndiye mwini sewero. Mayi asafunse mafunso, asaphunzitse kuwerenga, asakonze kuti ng'ombe siuluka. Azingonena zimene akuona ndi zimene mwana akuoneka kuti akumva. Zikatsala mphindi zisanu amuchenjeze, nthawi ikakwana atseke katoni ngakhale alire, sabata yamawa idzatsegulidwanso. Ndipo nthawiyi isalandidwe ngati chilango akalakwa.

Chovuta kwambiri kwa makolo athu ndi kukhala chete osalangiza. Mphindi zisanu zoyamba pakamwa pamayabwa.

Bambo_Joni
Mayi akewo kukhala mphindi 30 osalangiza munthu? Ndiyesa kuwauza, koma mundipempherere.

Wakale_Sataya
Ndiye mwana azilamula kholo?

MphunzitsiStd2
Theka la ola pa sabata, a Wakale. Maola ena onsewo mukulamula ndinu.

Azakhali_a_Soche
Ndawaimbira mayi aja. Avomera kuti tikumane Lachinayi popanda mwana, ndipo anena kuti ndibwere ndi agogo ake ngati angalole. Mayi angawo akuti sapita kukamva za zidole kwa mwana wamng'ono ngati ameneyo, koma ndiwanyengerera ndi nkhani yokaona msika wa Limbe. Kuchipatala kokapimitsa mkodzo tipita mawa. Funso lina: katoni ya kunyumbayo ndiyambe pano kapena ndidikire?

Mlangizi_wa_Ana
Dikirani Lachinayi muwafunse, kuti zakunyumba ndi zakumeneko zisakokane. Akavomera, apempheni akuonetseni kamodzi mmene amachitira inu mukuona.

Namwino_Usiku
Ndipo mchenga wakuseri kwa nyumbawo muusefe kaye n'kuuyanika padzuwa musanauike m'beseni. Mumakhala magalasi osweka ndi zitosi za amphaka.